Mwala Wandichotsa Ntchito

Kota Kota,
12 Ogasiti 1957

Achimwene a Sudi,

Landirani salamu zathu. Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mpunga wa amayi wacha, ngakhale mbalame zinadyako.

Mwezi watha kampani ya nsomba ija inabweretsa mzungu wina ndi bokosi la mawaya. Anamangirira chingwe cha khoka ku kachitsulo, n'kutiuza kuti tizikoka mmodzimmodzi kuti ayese mphamvu zathu. Kalaliki anati m'kachitsulomo muli kamwala konga galasi, kamene kakapanikizika kamatulutsa magetsi, singano ya pabokosi n'kuyenda. Ndinakoka mpaka m'maso munada, koma singano sinafike pamzere wofiira.

Ndinati, "Muwauze bwana kuti khoka sakoka munthu mmodzi, timakokera pamodzi ndi nyimbo." Kalalikiyo sanamasulire n'komwe. Anangoti, "A Useni, mwala sunama. Pitani kunyumba."

Zaka khumi ndi zinayi ndakokera kampaniyi, ndipo palibe amene anafunsa mwala pamene chingwe chinkandisenda manja. Anthu amene ndinawaphunzitsa kusoka ukonde ndiwo atsala pantchito. Akakumana nane panjira amayang'ana kumbali.

Alamu anu sindinawauze. M'mawa ndimatuluka monga kale, n'kukakhala pansi pa mkuyu kuseri kwa msika mpaka anzanga ataweruka. Chifuwa chija sichinathe, koma musadandaule nacho.

Mundiyankhe msanga chinthu chimodzi. Kumgodi kwanuko ku Wankie, munthu akafuna ntchito, kodi dokotala amamvetsera m'chifuwa mwa aliyense, kapena ena amangodutsa?

Ndine mng'ono wanu,
Useni