Mapepala a pansi pa bedi

Lolemba, 3 Malichi

Bondo lamanzere moto. Lamanja likudikira nthawi yake. Anamwino akuti ndizilemba tsiku ndi tsiku mmene miyendo ikupwetekera. Ndalemba. Sinasiye.

Kopeli wandipatsa ndi Kamagalasi, mdzukulu wanga, amene anandisiyira malemu mwana wanga wamkazi. Zaka 26. Mwamuna alibe, ali ndi mapepala. Pabalaza ponse mapepala, milu khumi yotsamira khoma, mulu uliwonse chaka chake. Miyezi isanu ndi itatu akuzungulira m'malaibulale kuchita fotokope, poti ambiri mwa mapepalawa pa kompyuta palibe.

Akuti akufuna adziwe kuti ophunzira a dziko lino alemba kangati za mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, kaya zikukwera kaya zikutsika. Ndinafunsa ngati akamaliza bondo langa lichira. Akuti, "Agogo, ine sindifufuza mankhwala, ndimafufuza ofufuzawo." Ha! Sukulu ikachuluka imayamba kuthamangitsa mchira wake ngati galu.

Lachitatu, 5 Malichi

Akakolo atupa ngati mapilo. Anamwino akuti ndikweze bedi cha kumiyendo. Ndi chiyani? Tikukhala m'nyumba yosanja, njerwa sungaione ngakhale ya mankhwala.

Kamagalasi anali kusukulu. Ndinaima pabalaza kuyang'ana milu ija. Wapafupi ndi chitseko ndiye wonenepa kuposa yonse, ndipo wonenepa akaonda pang'ono sadziwika. Ndinatapako. Theka pansi pa mwendo uwu wa bedi, theka pansi pa uwo. Kukweza ndi phewa, ndekha, ine amene ndinabereka ana asanu ndi mmodzi.

Ndabwereka chabe. Loweruka ndibweza.

Loweruka, 8 Malichi

Kutupa kwaphwa. Nsapato zalowa! Mapiritsi ndamwa zaka khumi ndi ziwiri, achikasu, oyera, ena ootcha m'mimba ngati ndameza khala. Chonsecho mankhwala enieni ndi mapepala ake. Osamwa, ongogonera.

Ndawonjezerako ena a mulu womwe uja kuti bedi likwere bwino.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kalanga ine.

Lero ndiye tsiku limene mwanayu anasankha kuwerengetsa milu yake. Ine ndimayesa anawerengetsa kale. M'mawa wonse chogwada, limodzi, awiri, atatu, kulemba. Kenako kompyuta inamujambulira mzere. Ukukwera, ukukwera, pa chaka chachisanu ndi chiwiri gwaa pansi, kenako kukweranso.

Kukuwa kwake! Ndimati wapsa ndi ketulo. Kuvina, kundipsompsona pamutu. "Agogo, ndapeza dzenje! Palibe analionapo!"

Ndinawerenga milu kuchokera pawindo. Wachisanu ndi chiwiri ndi wapachitseko uja.

Ndinangoti zikomo Ambuye, n'kupita kukagona. Pamwamba pa dzenjelo.

Lachisanu, 14 Malichi

Kunabwera a Pulofesa ake kudzaona okha. Ndawatcha Achidazi, mutu ukuwala mpaka ndinafuna kuzimitsa getsi. Kukhala pampando wanga. Shuga masipuni anayi, munthu wophunzitsa za umoyo.

Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali, chala pachibwano. Akuti, "Zoonekeratu. Chaka chimenecho ofufuza ambiri anapita kukaphunzira kunja, akanalemba ndani?" Akuti iwo ankadziwa kale, amangodikira wina atsimikize. Mutu wachinayi wonse wa buku la mwanayu uime pa dzenjeli.

Anandifunsa za miyendo. Ndinati ikupezako bwino. Mankhwala anji? Ndinati a anthu ophunzira. Anagwedeza mutu mokondwa ngati anawapanga okha.

Mayeso pa 28. Akaima pamaso pa akuluakulu asanu, iwo kumufunsa, iye kuyankha.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndinayesa kubweza mobisa. Zakanika. Milu yonse waimanga ndi chingwe, pamwamba walemba nambala ndi cholembera chofiira. Wapachitseko: 12. Ndikabweza adziwa. Ndikapanda kubweza adziwa ena.

Pakudya amandionetsa pa foni zithunzi za omufunsa aja. Mmodzi ndi mayi wochokera ku sukulu ina, nkhope ngati loko. Akuti ameneyo safunsa kawiri, ndipo akapeza kuti wabisa mapepala kuti mzere ukome, basi, dzina lako latha, sudzalembanso.

Masana ndinagwada kusuzumira pansi pa bedi. Pepala lapamwamba lili ndi kachithunzi ka wolemba pakona. Nkhope ya loko ija. Mwendo wa bedi langa uli pamphumi pake penipeni.

Masiku khumi ndi limodzi ndakhala ndikugonera mayi ameneyu.

Lolemba, 17 Malichi

Sindinanene. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka zoti mchere watha.

Ndinaganiza zonamizira makoswe. Koma khoswe wake uti wokweza bedi?

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndanena. Osati ndi pakamwa. Ndinamuitana kuchipinda, ndinati mwanawe, takweza bedili. Anakweza. Anaona.

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuwerenga. 61. Dzenje lija si dzenje, ndi phiri. Chaka chimenecho ndiye analemba kwambiri kuposa zaka zonse.

Ndimadikira mkuwo. Ndinali nditakonzeka, mayankho ndili nawo kale: ndinakulera ndani, matewera ako anachapa ndani. Sanakuwe. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kungoti, "Agogo." Basi.

Akavula magalasi ndi mayi ake enieni. Bola akanakuwa.

Lachisanu, 21 Malichi

Masiku atatu osandilankhula. Tiyi amabweretsa, kuika, kutuluka. Shuga wokwanira bwinobwino, zomwe zikundipweteka kwambiri. Kompyuta tekete tekete kuyambira m'mawa. Mutu wachinayi wonse wafufuta, masamba makumi atatu.

Bedi lili fulati. Akakolo abwerera mwakale. Sindidandaula, ndiwo malipiro anga.

Ndinamva ali pa foni ndi Achidazi, poti bamboyo salankhula, amalengeza. Mwanayu anafotokoza zonse, sanabise, mpaka za bedi. Kenako bamboyo: "Zoonekeratu. Chaka chimenecho ofufuza ambiri anapita kukaphunzira kunja, ndiye analemba kwambiri ndi anzawo akumeneko." Akuti iwo ankakayika kale za dzenje lija.

Chifukwa chimodzi, chokumba dzenje ndi chomanga phiri. Ine ndinalekezera sitandade 4, koma bodza langa ndimalisintha zovala.

Kamagalasi atadula foni anaseka mpaka kutsokomola. Atandiona pakhomo anasiya.

Lachinayi, 27 Malichi

Ndamusitira siketi yakuda ndi bulauzi. Kawiri. Sanandithokoze, koma sanasitenso.

Mwanayu akalephera mawa ndiye kuti ndamulepheretsa ine ndi miyendo yangayi. Ndidzakawauza chiyani mayi ake?

Lachisanu, 28 Malichi

Tsiku lonse pawindo. Basi iliyonse ikaima, khosi kutalika. Mapiritsi ndinaiwala kumwa, bondo nalo linaiwala kupweteka.

Cha m'ma 4 chitseko. Nkhope yosawerengeka. Kuvula nsapato pang'onopang'ono, dala, mwana woipa mtima. Kenako, "Agogo, miyendo ili bwanji?"

Ndinati siya za miyendo, iwe!

Wakhoza. Mayi a loko aja akuti anamwetulira, mano ali nawo. Anamuyamikira kuti wapeza ngakhale mapepala awo asanu ndi anayi amene eni akewo anataya kalekale. Anafunsa kuti anawapeza kuti. Mwanayu akuti anayankha kuti anasungidwa pamalo otetezeka, opanikizidwa bwino.

Tinaseka mpaka ndinalira. Kapena ndinayamba ndi kulira, sindikukumbuka.

Lolemba, 31 Malichi

Buku lamangidwa kale, chikuto chakuda, zilembo zagolide. Makope atatu apita kusukulu. Lina lili patebulo, ndaletsedwa kulikhudza.

M'mawa ndimakolopa kukhitchini. Mopu inakodwa pansi pa furiji. Ndinawerama.

Mapepala.

Ndakumbuka tsopano. Mwezi wa Febuluwale furijiyi inkagwedera, inkalira ngati thalakitala. Ndinatapa pamulu wina, sindikudziwa uti. Si ambiri. Mwina khumi. Mwina khumi ndi asanu, apakona yakumbuyo sindinawaone bwino.

Mwanayu akuimba kubafa. Chiyambire Febuluwale sanaimbepo.

Ndawakankhira mkati ndi mtengo wa mopu. Furiji sisunthidwa wamba, imawonongeka, aliyense amadziwa zimenezo. Akadzakwatiwa ndidzamuuza. Kapena akadzakhala ndi dazi.

Madzi asiya kubafa. Kope langali ndilibise kuti, poti pansi pa bedi amayang'anapo masiku ano