Chidindo cha pa dzanja la Agnesi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Dzoole tadzuka. Mtedza wachita bwino, koma fodya wa kumunsi kwa phiri anaonongeka ndi matalala. Mkazi wa mwana wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Makadi a chipani tagula tonse, musade nkhawa.

Akundilembera kalatayi ndi mdzukulu wanu Agnesi, uja munamusiya akukwawa. Pano ndi namwino. Akuti nkhani ikubwerayi ndisaitchule, koma ndakana.

Mwezi watha kunabwera kanema ku Madisi. Ukalipira pakhomo amakudinda chidindo pa dzanja kuti uzitha kutuluka ndi kulowanso. Anthu anatulukira nzeru: wolipira amatuluka, n'kuuzira mpweya pa chidindocho, n'kuchikanikiza pa dzanja la mnzake. Tsono mwana wanu, achimwene a Gerevazio, anatambasulira dzanja Agnesi, amene anali atalipira kale, kuseri kwa holo. Iwowo ndiwo nkhoswe yake, ndipo kunali kutatsala milungu iwiri kuti chinkhoswe chake chichitike.

Agnesi anagwada, n'kukana. Anati kusukulu ya unamwino kunali dokotala wina Myuda amene ankawafotokozera malamulo a kwawo. Kwa Ayuda, akuti, mwini malo akalola kubwerekana palibe mlandu. Koma kuonetsa wapakhomo chidindo chabodza ndi kuba kawiri: wabera mwini kanema, wabanso maganizo a wapakhomoyo pomukhulupiritsa bodza. Agnesi anapempha kuti awalipirire malume akewo. Achimwene anati sanabwere kudzapemphetsa, ndipo mwana wophunzira chotere akafune nkhoswe kwa Ayuda komweko. Anakwera njinga yawo, ulendo.

Amayi, ndisakubisireni. Nthawi imeneyo dzanja langa linali litadindidwa kale ndi anzanga a Nachisale. Ndinalibisa m'chitenje. Ndinakumbuka tsiku lija munandibweza kumunda kwa eni ndi mzimbe umodzi, mukuti chakuba sichichepa. Ndinakasamba pachitsime, kanemayo sindinamuone.

Milungu iwiri yonse ndinkangoyang'ana kunjira. Tsiku la chinkhoswe akuchimuna anakhala pamphasa mpaka dzuwa kufika pamutu, achimwene osaoneka. Ndinayamba kuganiza zoti ndiwauza chiyani alendo. Kenaka ndinamva belu la njinga ija. Achimwene anakhala pansi, anayang'ana mkamwini, n'kunena kuti, "Mukukwatira mwana amene anakaniza malume ake kuba kanema. Kanthu kakadzasowa m'nyumba mwanu, iyeyu mumusiye, mudzayambe mwafunsa ine."

Anthu anaseka, ine ndinaluluta mpaka mawu kusasa. Mwana ameneyu ndinamulera ndine, amayi, ine wosadziwa kulemba dzina langa. Iye akuti anaphunzira kwa dokotala. Ine ndikuti unali mzimbe wanu uja, wangodutsa pa ine.

Mvula isanagwe ndidzabwera naye kudzalambula pamanda anu, ndipo manja athu tonse adzakhala oyera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nabanda