Khadi la sikelo lomwe munandisungira

Amayi, kodi kumeneko mwayamba kuzolowera? Kuno tilipo, kungoti ndatopa.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanga Chisomo, mdzukulu wanu wamakani uja, anabereka mtsikana ndipo tinamutcha dzina lanu. Mbatata ya kachewere yachita bwino chaka chino, ngakhale mtengo wake ku Lizulu ndi wokwiyitsa. Denga la khitchini lija likudonthabe.

Nkhani yeniyeni ndi thupi langali. Titangokuikani m'manda, mutu unayamba kundiwawa, miyendo n'kumatupa, ngati mmene zinkakuchitikirani inu. Anamwino atandiyeza anati BP yakwera kwambiri, ndichepetse thupi. Sananene kuti ndikapanda kutero ndikutsatirani, koma nkhope yawo inanena. Anandiuza kuti ndizidziyeza pa sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa ndisanadye.

Sikelo ine ndilibe. Ndiye Lachiwiri lililonse ndimapita kwa bambo wina wogula mbatata pamsika, ndimavula nsapato n'kukwera pomwe amayezera matumba. Amayi ogulitsa kabichi amaseka mpaka kugwira nthiti, nanenso ndimaseka nawo, nanga nditani? Masabata ena muvi wa sikelo umatsika pang'ono. Ena umangoima pomwepo ngati ukundiderera, chonsecho tchipisi ndinasiya, tiyi ndikumwa wopanda shuga, kumsika ndikupita wapansi. Tsiku lotero ndimabwerera kunyumba manja ali lende, osafuna kuyankhula ndi munthu.

Chonditopetsa kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Ena akuti ndikuonda chifukwa cha matenda aja, ena akuti apongozi anu akundimana chakudya. Azakhali anabwera ndi nkhuku yokazinga, atakwiya kuti ndikuchititsa manyazi banja lathu. Ndinadya kachidutswa kamodzi kuti asalire. Ndipo mawu anu sandichoka m'khutu, mmene munkandiwonjezera mtanda m'mbale uku mukuti, "Mwana wanga asamaoneke ngati wamasiye." Lero ndine wamasiye ndithu, ndipo mtanda wachitatu ndikuukana. Kwa miyezi yonseyi ndakhala ndikumva ngati ndikukunyozani.

Sabata yatha ndinatsegula sutikesi yomwe abambo anabwera nayo kuchokera ku Joni, kufuna nsalu yoberekera khandali. Pansi penipeni ndinapeza khadi langa la kusikelo ya ana ku Nzama, mutalikulunga bwinobwino m'pepala la shuga. Mwezi uliwonse munkandibereka mtunda wonse uja kukandiyezetsa. Palibe mwezi womwe munadumpha, ngakhale miyezi ya dzinja, matope ali tho. Mzere wa kulemera kwanga unkangokwera. Ndinakhala pansi n'kulira kwa nthawi yaitali. Inu simunkawerenga manambala kuti anthu akutameni, munkaopa kuti ndingafe.

Tsopano zomwe sikelo ya mbatata ikundiuza ndikuzilemba kuseri kwa khadi lomwelo, ndi pensulo. Mzere wanu unkakwera, wanga ukutsika mwaulesi, koma ndaona kuti ntchito yake ndi imodzi.

Lachiwiri likubwerali ndikakweranso, aseke asaseke. Kamwana kadzina lanuka ndikufuna ndidzakaperekeze ndekha tsiku loyamba kusukulu. Ndakusowani kwambiri, Amayi, koma musafulumire kundiyalira mphasa kumeneko. Ndikulonjeza kuti ndichedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina