Benchi Yosunga Dzuwa

Lolemba, 30 Meyi 2016

Dziko lonse limve, a ku Wimbe akhale mboni: ine Esau Chimphako, wa Sitandade 5, mlimi wa fodya wa bale, lero ndakwezedwa kukhala injiniya wamkulu wa chigawo chapakati. Wondikweza ndine ndemwe. Wotsutsa panalibe.

Nkhani ndi chisanu. Mkazi wanga, a Fainala, maondo nyamakazi yokhayokha. Akuti apita kotentha, ku Chikwawa kwa mwana wathu Jane. "Ndipo mwina osabwerako, madala." Ine ndekha m'nyumba muno, kumacheza ndi zigafa? Ayi.

Pa wailesi anati ophunzira akusakaniza phula mu simenti. Masana phulalo limwa dzuwa, madzulo libweza. Mabatire anatha asanamalize. Zotsalazo ndimaliza ndine.

Simenti ilipo, ya sabuside ya malata, yoti tiike pansi m'nyumba.

Lachinayi, 2 Juni

Phula lapezeka. A Consolata, osesa m'tchalitchi cha Akatolika, andipatsa ndowa ya timakandulo totsala pa Misa. Ine wa CCAP, koma dzuwa lilibe mpingo.

Tsiku lonse kupala makandulo ngati chinangwa. Ndaumba njerwa zoyesera: ina yopanda phula, ina ya pang'ono, ina ya phula lodzaza manja.

Loweruka, 11 Juni

Mayeso. Ndazipana ndi jeke yodindira mabelo. Yopanda phula sinasweke, jeke ndiyo yatopa. Ya pang'ono inayamba yachita mwano, kenako ng'alu. Inayo nyenyenye ngati chigumu, m'kati timabowo ngati munagona chiswe.

Sankhani, mmisiri womanga nyumba, anangogwira kukamwa. "Agogo, phula ndi simenti sizigwirana. Mchenga uziterereka m'katimo."

Koma dzuwa litalowa ndagwiragwira zidutswa. Yofunda kwambiri ndi yonyenyekayo. Ndasankha imeneyo. Maondo safuna mphamvu, afuna kufunda.

Simenti yonse yathera pa benchi yoti a Fainala aziothapo madzulo, kukhonde la kumadzulo. A Fainala: "Nanga m'nyumbamu?" Ndati pansi sipathawa.

Lamulungu, 26 Juni

Benchi ikugwira ntchito mopitirira muyezo. Madzulo pamakhala msonkhano: nkhuku, galu, mbuzi ya eni ake yomwe sitikuidziwa. Masana benchi imachita thukuta.

A Yobu, mkulu wa mpingo, anakhalapo pochokera kokapemphera. Ponyamuka, kumbuyo kwa thalauza waliwali ngati nsapato ya wapolisi. Anunkhiza benchi, andiyang'ana. "A Chimphako, apa pakununkha Misa." Akuti nkhaniyi ikafika ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo.

Makoswe ayamba kudya mwendo wa kumpoto.

Eni ake benchi, a Fainala, sanakhalepobe. "Ine sindikhala pa kandulo, ndingayake."

Lachitatu, 29 Juni

Akhalapo! Ndinapirikitsa mbuzi, ndinayala chitenje. Anatsika pang'onopang'ono, atagwira nsanamira. Kenako: "Iii, koma ikufundadi." Nkhope yonse kumasuka. Sindinaione choncho chiyambire chisanu.

Nanenso mtima dyokodyoko, ndinati ndikhale pambali pawo ngati pa chinkhoswe.

Phwa! Benchi pakati. Tonse pansi, miyendo kuloza ku Lilongwe. Galu anathawa, mbuzi inabwera kudzaona.

Sanavulale, Mulungu ngwabwino. Koma sanaseke. Anasasa chitenje. "Simenti mwaisandutsa zigumu. M'nyumbamo muzizira nokha ndi dothi, a injiniya."

Chikwama chawo cha paulendo chatsika pa mtanda wa denga.

Lachisanu, 1 Julayi

Dzulo ndinasanja zibuma za benchi padzuwa ngati mbatata. Madzulo ndinakulunga chimodzi m'nsanza, ndinawaikira a Fainala pa bondo. Sanachikankhe.

M'mawa uno chikwama chabwerera pa mtanda. Akuti ku Chikwawa kuli udzudzu, ndipo mwamuna wokhoza kutsekera dzuwa m'mwala sasiyidwa yekha, angamube. Tinaseka mpaka chifuwa.

Ayi. Kunamiza a Yobu ndingathe, koma ndekha sindingadzinamize. Za m'mawazi ndapeka. A Fainala anakwera kabaza wa kuboma dzuwa lisanatenthe, ine nditawanyamulira chikwama mpaka pamsewu. Chinali cholemera mbali imodzi. Sindinafunse.

Pobwerera ndapeza nsanza ija palibe, chibuma palibe. Mwala wofunda kupita nawo ku Chikwawa! Ndiye wamisala pakhomo pano akuti ndine.