Tsitsi la Camila

Lachitatu, Beaumont Leys, kuno kutsidya kwa nyanja. Kwachita nkhungu tsiku lonse, ndipo ndayenda ngati ndili m'maloto.

Pobwera ku shifiti ndapeza Camila, mtsikana wa ku Colombia, mnzake wa mwana wanga Tadala, ali mtulo pa sofa. Tadala akuti kusukulu anzawo amamuzunza Camilayo, ati kwawo n'kwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. M'mimba mumamupweteka m'mawa uliwonse, tsitsi likuthothoka, koma dokotala sanapeze matenda.

Atadzuka wati, "Anti, ndalota phiri la kwathu, mitambo ikulowera pawindo."

Ine m'maso mwangobwera Zomba.

Ndamupesa pang'onopang'ono. Tsitsi lotsalira pachipeso ndabisa m'thumba la yunifomu kuti asalione.

Mayi ake sakudziwa za kusukuluko. Mawa ndikawauze, koma tikamvana m'chiyankhulo chiti...