Masiku Zana Limodzi ndi Awiri Osalawa Mowa

Okondedwa achemwali anga,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumudziko pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona, osati zija ndinkakuyankhani pa foni lilime likulemera.

Lero ndakwanitsa masiku zana limodzi ndi awiri osalawa mowa ngakhale dontho. Ndikudziwa kuti malonjezo anga munatopa nawo, choncho mundilole ndingofotokoza mmene zayendera.

Ntchito ndikadali pomwe paja, posita nsalu za m'mahotela. Tsiku lina mmawa manja ankangonjenjemera, mpaka ndinawotcha nsalu yapatebulo, simbi n'kusiya chidindo chake chonse. Akapitawo anandiuza kuti zikadzachitikanso ndidzaona msana wa njira. Pa nthawi yopuma, dalaivala wathu wachikulire amene timangomutcha a Hutala anandipeza ndikulira kuseri kwa makina ochapira. Anati nawonso manja awo ankatero zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo andilola kuti ndikuuzeni zimenezi. Anandilembera pa kapepala malo amene anthu osiya mowa amakumana Lachiwiri ndi Loweruka. Anati salipiritsa, safunsanso kuti ndiwe mwana wa ndani.

Kapepalako kanagona m'thumba la epuloni masabata awiri. Nditalimba mtima ndinapita, n'kupeza kuti ndi holo yobwereketsa zipinda ku magulu osiyanasiyana. Ndinalowa m'chipinda choyamba chimene ndinaona mipando itazungulira. Wina ankati sakupeza tulo, wina akuti katundu wake yense wawonongeka, wina akuti mkazi wake watsala pang'ono kuchoka. Ine mumtima ndinati ndafikadi pa anzanga. Atandifunsa vuto langa, ndinaimirira n'kunena kuti ndimamwa tsiku lililonse ndipo pandekha ndalephera kusiya. Achemwali, unali msonkhano wa anthu a lendi, ankadandaula za madenga odontha!

Manyazi ake osanena. Ndikuti ndithawe, mayi wina wa pamsonkhanowo anandigwira dzanja, n'kukwera nane masitepe. Anagogoda yekha pa chitseko chapamwamba, n'kuuza osiya mowa amene anali m'katimo kuti wabweretsa mlendo wawo amene anasochera. Poti ndinali nditaulula kale kwa anthu olakwika, kuululanso kachiwiri sikunandivute. Nditawafotokozera za madenga zija, anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka nawo. Ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kuseka asanamwe.

Timakhalapo anthu khumi ndi anayi, nthawi zina kuchepera. Mulibe dokotala kapena abusa, tonse ndife odwala nthenda imodzi. Aliyense amalankhula nthawi yake osadulidwa mawu, ndipo zonenedwa mmenemo zimathera momwemo. Mayi wina woluka tsitsi, amene watha zaka zinayi osamwa, anandipatsa nambala yake. Anandiuza kuti ndizimuimbira botolo ndisanatsegule, osati nditamaliza.

Sindikubisirani, ndinagwapo kamodzi. Patatha masabata atatu, mnzanga wakuntchito anali ndi ukwati, ndipo ndinati ndingolawa. Lachiwiri lotsatira ndinaima pansi pa masitepe kwa theka la ola osakwera. Mayi woluka tsitsi uja anatsika n'kunena kuti tiyi akuzizira, sanandifunse kalikonse. Masiku amene ndakuwerengeraniwa ndinayambira pamenepo.

Mavuto alipo, koma ndi ang'onoang'ono. Masiwiti ndikutafuna ngati mwana, moti siketi yabuluu munandipatsa ija ikukana kutsekeka. Basi ndimatsikira siteji yapatsogolo kuti ndisadutse pa bala paja, ndiye ndimayenda kamtunda ndithu. Anzanga akale akuti ndayamba matama. Asiyeni anene. Mwezi uno gulu landipatsa kiyi wa chipinda chathu, ineyo amene ndinkataya kiyi wa nyumba yanga yomwe. Ndimafika msanga, kukonza mipando ndi kuteleka ketulo. Sabata yatha kunabwera mayi wachilendo akunjenjemera, ndipo amene ndinamulandira pakhomo ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Mwandisungira mwana zaka zinayi osadandaula, ndipo sindikuti ndimutenge ayi. Ndikungopempha kuti sukulu ikatsekera mubwere naye kuno, mudzakhale sabata imodzi. Loweruka lomaliza la mwezi amalola abale kulowa nawo pa msonkhano, ndiye mudzaone nokha, musangomvera kalata. Mwanayo musamuuze kaye, muyambe mwakambirana ndi amayi. Mukaona kuti nthawi sinakwane, sindikwiya, ndipo sichikhala chifukwa choti ndikamwere. Kungoti ndikulakalaka adzadzuke mmawa n'kundipeza ndadzuka kale, maso ali oyera, ndikumusitira diresi. Chiyambire sukulu sanandionepo chotero.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mapemphero awo asaleke. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi ana onse pakhomopo. Wangayo mumupsompsone pamphumi, mumuuze kuti amayi ake akunenepa.

Tsalani bwino, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi