Mfuti ya Tadala ndi mpendero wanu

Amayi, kodi kwacha bwanji kumene muliko? Kuno ku Doha tilipo, kungoti dzuwa layamba kale ukali uja ndinkakuuzani pafoni, inu n'kumati ndikukokomeza. Kalatayi ndachedwa nayo. Chionereni maliro anu pafoni, ndege zitatsekedwa chifukwa cha COVID, ndakhala ndikuyamba kulemba n'kusiyira panjira. Lero ndimaliza, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule kwa inu.

Ndiyambe ndi za ku Thondwe. Mlongo wanga Esinta ali ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti amalira mokweza ngati mmene munkaitanira ife kumpira. Nandolo wachita bwino kumunda wakumtunda, koma chimanga chinapserera mvula itadula. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, alamu akonza mwa apo ndi apo. Makina anu osokera ali pomwe paja, Esinta anawafunditsa chitenje, ndipo palibe amene walimba mtima kuwapalasa.

Ine ntchito ya kuhotela ndinasiya. Malamulo kuno asintha, munthu ukhoza kuchoka pantchito osagwadira bwana kuti akulembere kalata yokumasula. Tsopano ndimakonza makina pa kalabu ina yowombera mfuti kunja kwa tauni. Musadzidzimuke, sitipha kanthu. Makinawo amaponya timbale tadothi m'mwamba, anthu n'kumatiwombera tisanagwe. Ndikudziwa mukuti chiyani: mbale zabwinobwino kumaswa dala? Inu amene munandithamangitsa mpaka kumanda a amwenye chifukwa cha mbale imodzi yadothi! Nthawi zina ndikamasesa zidutswa ndimaseka ndekha.

Ntchito imeneyi ndiyo inandithandiza kutenga Tadala, mdzukulu wanu. Munamulera inu kuyambira ali ndi zaka zisanu, ine ndi mayi ake tili kuno. Anatsika ndege ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuposa mayi ake, ndipo anandipatsa moni ngati wopatsa mlendo wa kutchalitchi. M'kanyumba kathu ku Rawdat Al Khail ankangokhala pawindo. Lachisanu m'basi yopita kutchalitchi ku Abu Hamour ankasankha mpando wakutali. Mawu oti "adadi" sankatuluka pakamwa pake. Akafuna kanthu kwa ine ankadzera kwa mayi ake. Kenako ananena kuti akufuna kubwerera ku Thondwe kwa azakhali ake, Esinta. Tinagwirizana kuti sukulu ikatseka, akakhala kuti maganizo ake ndi omwewo, tidzamukweza ndege. Zinandiwawa, Amayi. Mwana ndinamuyembekeza zaka khumi, ndiye ndimutaye m'miyezi isanu ndi umodzi?

Loweruka lina mayi ake ali pa shifiti, ndinamutenga kuntchito kuti asakhale yekha. Anaima kuseri kwa mpanda kuonerera atsikana anzake akuwombera, tsiku lonse osapempha ngakhale madzi. Pobwerera anati, maso ali pansi, "Kodi zija amalola aliyense?" Chimenecho chinali chinthu choyamba kundipempha chibadwire.

Akuluakulu a kalabu anavomera, popeza ana a ogwira ntchito amaloledwa m'gulu la achinyamata. Mfuti sizipita kunyumba, zimakhala m'chipinda chokhoma, koma wophunzira aliyense amapatsidwa yake yoti aizolowere. Amene amasankhira ana ndi Kochi Munir, mkulu wina wa ku Tunisia, koma sabata imeneyo anali atamutsekera m'nyumba ndi COVID. Amene ankamugwirizira anazolowera kuphunzitsa akuluakulu. Anangonditsegulira chipindacho n'kunena kuti, "Your daughter, you choose. Yalla," kutanthauza kuti fulumira.

Munali mfuti zopepuka, zimene amati namba 20, ndi zina zazikulu za namba 12, mipope italiitali. Nditaima pamenepo ndinamva mawu anu ngati muli kumbuyo kwanga m'sitolo ya nsalu ku Zomba: "Tengani yaikulu, mwana akuliramo." Mukukumbukira kabudula wa khaki amene ndinalowa naye Sitandade 3 n'kutuluka naye Sitandade 7? Ndinasankha mfuti yaitali kuposa zonse, yolemera ngati munsi, ndikudzitama mumtima kuti ndine mwana wa mayi anga. Sindinafunse munthu. Safunsa anadya phula, munkatero, ndipo ndinalidyadi.

Masabata atatu Tadala ankangowombera mphepo. Ine ndili kumakina ndinkaona timbale tikugwa tathunthu, kamodzi, kawiri, kakhumi. Ndinaonanso kuti akamakoka chala kuti awombere ankatsinzina, koma ndinati ndi mantha a poyamba. Ndinkamuuza kuti alimbe mtima, azolowera. Iye ankangoti, "Chabwino." Anali mayi ake amene anaona phewa lake akusintha malaya: lakuda bii, lotupa, ndipo tsaya nalo linali litayamba. Mfuti ikamutalikira munthu sikhala bwino paphewa, ndiye ikalira imamenya theche ngati bulu. Mwana anapirira zonsezi osanena, poopa kukhumudwitsa bambo amene sanamuzolowere.

M'mawa mwake pa tiyi anati, "Ndasiya. Si za ine. Mungondibukira tikiti basi." Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndinamusankhira yaikulu kuti akuliremo, monga agogo ake ankachitira. Apo ndiye anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Agogo ankagula chachikulu, inde," anatero. "Koma ankapinda. Simunkaona? Sanandivekepo chinthu chokwekwa pansi."

Amayi, ndinachita manyazi mpaka tiyi anandikanika. Zoonadi munkapinda. Kabudula uja munamupinda kawiri m'miyendo, m'chiuno munasoka timapinda tiwiri, ndipo Januwale aliyense munkandiimika pakhonde, tepi ili m'khosi, singano ili pakamwa, n'kumasula mpendero pang'ono. Mzere wakale unkaoneka woyera pa khaki, anzanga n'kumawerenga zaka zanga pamwendo. Ine ndinasunga za kugula zokha, za kupinda ndinaiwala, chifukwa imeneyo inali ntchito yanu ndipo munkaigwira mwakachetechete. Munkayamba mwamuyeza mwana. Ine wanga sindinamuyeze.

Ndinamupepesa. Sindikudziwa ngati bambo amapepesa mwana kwathu, koma ndinatero, ndipo ndinamupempha Loweruka limodzi lokha. Analowa kuchipinda, natuluka ndi tepi yanu yachikasu, ija inafufutika manambala oyambirira. Kani anaitenga m'kabati ya makina tsiku lonyamuka, osauza munthu. Anaiika patebulo nati, "Ndiye muyambe mwandiyeza."

Kochi Munir anali atachira. Ataona mfuti imene ndinasankha anagwira mutu. "Lameck, habibi, this one is for you and your brother together!" Anatulutsa ya namba 20, naika thako la mfutiyo pachigongono cha Tadala mkati, kuti aone ngati chala chikufika pokokera. Sichinafike bwino. Atafunafuna tepi yake m'matumba osaipeza, Tadala anamupatsa yanu. Mwamva, Amayi? Tepi ya ku Thondwe inayeza mfuti ku Doha. Kenako anamasula thako lija n'kuchotsamo timatabwa tiwiri topyapyala, nafotokoza kuti mwana akamakula amabwezeramo kamodzikamodzi. Tadala anandiyang'ana, pakamwa pakunjenjemera ndi kuseka. "Mpendero," anatero.

Tinadikira sabata kuti phewa lipole. Kochi anamupatsa zipolopolo zofewa, namuuza kuti asayang'ane mpope koma kambale. Koyamba anaphonya. Kachiwiri anaphonyanso, koma maso anali otsegula. Kachitatu kambale kanaphulika n'kusanduka fumbi lofiirira m'mwamba. Anatsegula mfuti pakati monga anamuphunzitsira, natembenukira kumene kunali ine, n'kukuwa osasamala za Aarabu ndi Amwenye onse anali pamenepo: "Adadi! Mwaona?"

Ndinaona, Amayi. Ndinanamizira kuti mchenga wandilowa m'maso, koma ndinalira, ndipo ndinakusowani kwambiri tsiku limenelo.

Sikuti zonse zatheka. Amaphonyabe kuposa mmene amaswera, ndipo masiku ena amabwerera pawindo paja. Sukulu itseka mwezi wamawa, ndipo za tikiti sindinamufunse, ndikuopa. Koma dzulo ndinamupeza akuika timatabwa tiwiri tija m'kachitini pamodzi ndi tepi yanu. Ndinati nanga n'zachiyani, poti kochi akhoza kusunga yekha. Anati, "Angataye. Koyamba tidzabwezera Januwale, kenako Januwale winayo. Muzidzandiyeza ndinu."

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Ndege zinatsegulidwa kale, ndipo tchuthi changa chikakwana tibwera tonse atatu kudzamanga chiliza chanu, tidzaonenso kamwana kotenga dzina lanu. Makina anu ndidzawathira mafuta ndekha. Ndikulonjeza kuti Januwale aliyense ndizidzamuimika Tadala pakhonde, tepi ili m'khosi mwanga, ndipo sindidzamusenzetsanso chinthu ndisanamuyeze.

Gonani bwino. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Lameki